Mungu wa a Kanjadza

M'chaka cha 2088, njuchi zachitsulo zikwi zisanu zinkatuluka m'bokosi m'mawa uliwonse n'kukwera phiri la Dazi. Zinkatenga mungu wosungidwa m'botolo n'kukaupaka pa maluwa a mitengo yaikazi ya holi, pakuti mtengo umenewu, wa masamba aminga ndi zipatso zofiira, subereka wokha. Cholinga chinali kubwezeretsa nkhalango paphiri lomwe mvula inkalikokolola chaka ndi chaka.

Woziyendetsa njuchizo anali a Bizwick Kanjadza. Kwa zaka khumi ndi zisanu anakhala akukwatitsa mitundu ya holi, koma akuluakulu a bungwe limene ankagwirako ntchito anakana mtundu wawo kuti ndi wofooka, n'kusankha wa a Tiferanji Dzimbiri, mayi amene anabwera dzana lomweli.

"Bambo Kanjadza, mwaona mmene holi yanga yachitira maluwa?" anafunsa a Dzimbiri tsiku lina. "Akuti aitcha dzina langa."

"Mwachita bwino, mayi," anayankha a Kanjadza, mtima ukuwira.

Masana omwewo, anzawo atapita kukadya, anakhuthula mungu wa a Dzimbiri n'kuthiramo wa mtundu wawo wokanidwa uja. Si anati ndi wofooka? Ukafooketse mbewu za mayiyo, aone ngati adzasekenso.

Koma njere zake zitafesedwa, zinamera modabwitsa. Mizu inaluka dothi ngati mphasa. Patapita zaka zinayi mvula inagwa sabata yathunthu, phiri osagumuka. Mbalame zinabwera kudzadya zipatso n'kumwaza njere kumapiri ena, ndipo kasupe amene anauma kalekale anayambanso kutumphuka.

Pa tsiku la mwambo wotcha dzina, a Dzimbiri anawaitanira pambali.

"Bambo, ndili ndi mantha. Ndaipima mitengoyi. Theka la chibadwa chake ndi langa, koma theka linalo sindikulidziwa. Kodi njuchi zija zinasochera?"

A Kanjadza anatsegula pakamwa. Mawu akuti "ndi langa" anafika pamlomo penipeni. Koma kutero kunali kuulula kuti anafuna kupha ntchito ya mnzawo, ndipo akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

"Makina amalakwitsa, mayi," anatero.

Anthu anawomba m'manja pamene nsalu inkachotsedwa pachikwangwani cholembedwa kuti Holi ya Dzimbiri. A Kanjadza nawo anawomba.

Mpaka pamene anapuma pantchito, ankadutsa tsiku ndi tsiku mumthunzi umene nsanje yawo inabzala, osatha kuuza munthu kuti ndi wawo.