Ampulifaya Yozizira M'chipinda cha Makutu

Mtembo unagona chagada pakati pa masipika awiri aatali ngati munthu, mutu utayandikana ndi ngodya ya chiampulifaya chachitsulo. Inspekita anafika cha m'ma hafu leveni m'mawa. Zaka za upolisi zinali zitamudya maondo, choncho anatsamira dzanja pa chitsulocho n'kuweramira bala. Linali limodzi lokha, kunkhongo. Dokotala wa apolisi anati munthuyo anachita kukankhidwa, ndipo ola linali lisanathe chimwalirireni.

Malemuyo anthu ankangomutchula kuti Makutu. Makampani ankamutumizira maampulifaya odula kuposa galimoto, iye n'kumawamvetsera sabata yathunthu, kenako n'kunena maganizo ake pa vidiyo. Akayamikira, mashopu ankaitanitsa ena. Akakwinya nkhope, katunduyo ankachita fumbi pashelefu.

Chipindacho chinalibe windo. Makoma anali okutidwa ndi siponji, pakati pali mpando umodzi, ndipo katani yakuda inali itakokeredwa kumbali.

"Chitseko sichinathyoledwe, bwana," anatero Sajeni, mayi wosachedwa ndi mawu. "Aneba akuti nyimbo zimagunda mpaka leveni koloko, kenako zii."

Mkazi wa malemu anali kukhitchini, maso ali psuu. Anati anapita kuchipatala kukazonda mayi ake, ndipo pobwera anapeza zachitika kale.

"Pepani mayi. Bambo anali ndi adani?"

"Munthu wa pakamwa ngati paja angasowe adani? Mwezi watha mwini shopu ya zoimbira anabwera kudzakuwa pageti kuti adzawatseka pakamwa."

"Nanga katani ija?"

"Ankabisa maampulifaya kuseri kwake, kuti makutu aziweruza okha popanda maso kuwanyenga. Koma papita nthawi asakuigwiritsa ntchito."

Madzulo a tsiku lomwelo mwini shopu anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, thukuta lili kamukamu. Sanakane zoopseza zija.

"Unali mkwiyo chabe, bwana. Munthu kunena pagulu kuti ampu yanga ya kalasi D ikulira ngati chitini! Koma lero m'mawa wonse ndinali kudepoti kulandira katundu. Makamera alipo."

Sajeni anatuluka kukaimba foni, ndipo pobwera anangogwedeza mutu kuti n'zoona. Inspekita anapukusa cholembera. Njira imeneyi inali itathera pakhoma.

"Musanapite, tandiphunzitsani. Kalasi D ndiye kuti chiyani?"

Nkhope ya wamalondayo inawala ngati waona kasitomala. "Ndi zamakono, bwana. Kabokosi kopepuka, mungakanyamule m'khwapa, koma mphamvu zake zoopsa. Sikadya magetsi, sikatentha. Pomwe chimene ankachikonda malemu chija ndi kalasi A, chachikale. Pochinyamula pamafunika amuna awiri. Chikaimba pang'ono chimatentha ngati mbaula, ndipo ngakhale muchizimitse, pakapita ola chimakhala chikadali chofunda."

Inspekita anayang'ana chikhato chake. M'mawa uja anatsamira chitsulocho patangopita theka la ola nyimbo zitasiya, ndipo chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Kutacha anabwerera kunyumba ija. Sajeni anayatsa chiampulifaya chija, ndipo posakhalitsa dzanja silinkakhalapo. Inspekita analimba mtima n'kugwada kumbuyo kwake. Mawaya a masipika analumikizidwa ndithu, koma wofiira wa sipika yakumanzere unali pa bowo lakuda. Kuseri kwa katani, pa kapeti, panali timabowo tinayi ta miyendo ya kabokosi kakang'ono.

Anaitana mayi uja. "Amuna anu akanasokoneza waya chonchi?"

"Iwo aja? Ngakhale mutawamanga kumaso."

"Ndiye kuti dzulo chimaimba si ichi. Munali ampulifaya ina muno, yaing'ono. Wina anaichotsa n'kubwezera mawaya mwaphuma. Ndani ali ndi yotere, amene angalowe muno osagogoda?"

Mayiyo anagwira chitseko.

"Alamu anga," anatero potsiriza. "Mng'ono wawo. Amakonza mawailesi ndi ma TV. Kwa zaka zambiri akhala akupanga ampu yawoyawo. Ankachonderera akulu awo kuti angoimvako kamodzi, koma bambo ankangoti mawa, mawa."

Anamupeza kuseri kwa msika, m'kachipinda konunkha mtovu wosungunuka. Anali munthu wowonda, wa imvi zoyamba kumene, zala zodzaza zipsera za kupsa. Patebulo panali kabokosi kasiliva kosalala bwino, kokutidwa ndi thaulo. Ataona apolisi sanafunse chimene abwerera. Anazimitsa chowotcherera mawaya, n'kuvala jekete.

Kupolisi Inspekita anaika kabokosiko pakati pawo.

"Miyendo yake ikugwirizana ndi mabowo a pa kapeti ya akulu anu. Mundiuza nokha, kapena ndikuuzeni ine?"

Bamboyo anasisita kabokosiko ndi chala.

"Achimwene ndi amene anandiphunzitsa kugwira waya, bwana. Tili ana tinkamasula wailesi ya bambo athu, iwo n'kumandikwapulidwira. Atatchuka, ine ndinatsala kumsika. Sindinawachitire nsanje. Ndinkangofuna tsiku lina adzanene kuti mng'ono wanga, apa wagwira ntchito. Osati pa vidiyo ayi. Kwa ine ndekha basi."

"Dzulo chinachitika n'chiyani?"

"Ndinadziwa kuti alamu kulibe, ndiye ndinangofika nako osawauza. Ndinati lero simundithawa. Ndinakoka katani, ine kuseri, iwo pampando. Ndinati ndiziimba yanga, kenako ndiyatse yanu, munene yokoma. Ndinayamba ndi yanga. Anati kweza. Ndinakweza. Anatinso kweza, mpaka mawindo a kukhitchini kunjenjemera. Nditatsitsa ndinawafunsa ndili kuseri komweko kuti achimwene, mwaimva bwanji? Zii. Ndinafunsanso. Zii. Kachitatu ndinachita kukuwa, koma munthu osatembenuka n'komwe, ngati wolankhulayo ndi galu."

Kenako anapitiriza.

"Nditatuluka kuseri kuja anadzidzimuka, n'kuimirira. Anati chotsa chidole chakochi, ndilibe nthawi yomvera zinyalala za kumsika. Yawo ija sitinaiyatse n'komwe. Ankandikankhira kukhomo, ine ndinawakankhanso. Kamodzi kokha, bwana. Anapunthwa pa waya. Ndinawagwedeza, ndinawaitana. Kenako mantha anandigwira, ndinazula kanthu kangaka n'kuthawa. Munthu wamkulu ngati ine, kusiya m'bale wanga pansi."

Sajeni ankalemba. Koma Inspekita maganizo ake anakakamira pa mawu amodzi. Kweza, kweza. Munthu wodya ndi makutu, kufunsidwa katatu osatembenuka? Anaimirira n'kutuluka.

Mkazi wa malemu anali pabenchi m'khonde, chikwama chili pamiyendo. Inspekita anakhala pambali pake.

"Mayi, amuna anu anayamba liti kuvutika kumva?"

Mayiyo sanadabwe. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala. M'kati munali tizipangizo tiwiri tothandiza kumva, tating'ono ngati nyemba.

"Chaka chatha. Linayamba khutu lakumanja, kenako linalo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ankati Makutu wopanda makutu ndi ndani? Akamva kuti kwabwera mlendo ankativula n'kutibisa m'dirowa, n'kumangoyang'ana milomo ya munthu. Mavidiyo omaliza aja ankangolota, n'chifukwa chake ankalusa chonchija. Usiku ankalira, bambo. Ankati mng'ono wanga uja wathera moyo wake pa kabokosi kaja, ndipo ine sindingathe kumuuza ngati n'kabwino kapena ayi."

Inspekita anaisinkhasinkha nkhaniyo. Mlandu unali utatha, wolakwa wavomera, ndipo lamulo silinkafuna kuti bambo uja adziwe zimenezi. Mwinanso kusadziwa kukanamupepukira m'ndende. Koma zikanatulukabe kukhoti, pamaso pa anthu achilendo.

"Mukufuna ndikamuuze ine?"

"Ayi. Ndinasunga chinsinsichi ndine. Ndikanalankhula kale, bwenzi lero onse awiri ali bwinobwino."

Analowa limodzi. Bamboyo ataona mlamu wake anafuna kugwada, koma unyolo unamukoka. Mayiyo anakhuthulira tizipangizo tija patebulo.

"Alamu, akulu anu sankakunyozani. Makutu awo anali atafa. Mukulankhula kuseri kwa katani kuja, sankadziwa n'komwe kuti mwatsegula pakamwa."

Bamboyo anatiyang'ana nthawi yaitali. Anatola kamodzi n'kukatembenuza pa kuwala, monga amachitira munthu wozolowera kukonza zinthu.

"Bwanji sanandiuze? Ine ndikanawaseka, ine?"

Anatembenukira kabokosi kake kasiliva kaja.

"Ndiye kuti ampu yangayi sanaimve?"

"Sanaimve, alamu."

Bamboyo anabweza kachipangizoko pang'onopang'ono, n'kuika nkhope m'manja. Sajeni anamusiya alire kaye. Kenako anamata pepala la umboni pa kabokosi kasiliva kaja, n'kukanyamula ndi dzanja limodzi kupita nako kosungira katundu wa milandu.