Kalata Imene Araba Anawerenga M'khoti

Araba anamuona koyamba Kwamena Otu pamsika wa nsomba ku Oguaa, atakwera pamgolo wa mafuta, akukuwa kuti munthu si mbuzi yoti n'kugulitsa. Koma pakamwa pa mwamuna ameneyo, uchi weniweni! Lamulo lothetsa ukapolo linali litangofika kumene, ndipo Araba, mayi wosoka zovala, ndiye ankaperekeza kukhoti akazi othawa kwa ambuye awo kuti akamasulidwe.

"Mtima ngati wakowu ndaufunafuna zaka, duwa langa," anatero Kwamena atatsika pamgolopo.

Makalata anayamba kuyenda. Ina Araba ankayenda nayo pachifuwa: "Dzuwa langa, ndikulumbira pali Mulungu, sindinakwatirepo. Ndilibe mkazi m'tauni kapena kumunda. Ndiwe wekha." Ukwati unalengezedwa kutchalitchi, nsalu yoyera n'kugulidwa.

Patatsala sabata imodzi, pakhomo pa Araba panagwada mtsikana wa mphini za kumpoto m'masaya, dzina lake Salamatu, msana uli zipsera zokhazokha.

"Mbuye wako ndani, mwanawe?"

"A Kwamena Otu, amayi. Tilipo asanu ndi mmodzi kumunda kwawo kwa kanjedza."

Araba anayang'ananso zipsera zija. Yemwe uja wa pamgolo? Manja omwe aja ankamugwira tsaya?

Nthawi imeneyo eni akapolo anali atapeza pozembera. Ukangonena kuti unathira mowa pansi pamaso pa akuluakulu monga mwa mwambo wa ukwati, ndipo mtsikanayo ndi mkazi wako, khoti linkati za m'banja sizilikhudza.

Araba atafika ndi Salamatu pakhomo la khoti, Kwamena anamunong'oneza Arabayo: "Wokondedwa, ndikati ndi mkazi wanga, ndi mawu chabe. Ndikavomera kuti ndi kapolo anditsekera. Iwe ungokhala chete, Loweruka tikwatirane. Nanga kanjedza wathu akolole ndani?"

Wathu! Mawu amenewo anamununkhira Araba kuposa nsomba yoola.

"Uyu ndi mkazi wanga, bwana," Kwamena anauza woweruza osaphethira n'komwe. Salamatu anangoti zyoli, misozi chuchuchu.

Araba anaimirira n'kutulutsa kalata ija. Anaiwerenga yonse, osadumpha ngakhale "dzuwa langa". Khoti lonse linafa nacho chikhakhali.

"Dzuwa lakuwotcha lero, Otu!" anakuwa mayi wina wogulitsa nsomba.

Woweruza anaona siginecha ya Kwamena pansi pa mawu akuti alibe mkazi. Salamatu anatuluka ali mfulu.

"Wandipha, Araba! Si unkati umandikonda?" analira Kwamena apolisi atamugwira malaya.

"Ndinkakukondani zedi, n'chifukwa chake ndikufuna kusanza," anayankha Araba, n'kulavula pansi.

Loweruka la ukwati lija anayala nsalu yoyera ija patebulo, n'kuilowetsa lumo akulira ngati mwana. Inangokwanira madiresi awiri. Imodzi anamuveka Salamatu, inayo anaipinda bwinobwino.

"Tsuka kumaso, mwanawe," anatero akumanga mpango. "Undilondolere njira ya kumunda. Kwatsala asanu."