Timitengo ta pa Mzere Wachisanu

Mayi wojambula mawu ndiye anayamba kuona chachilendocho: mzere wachisanu wa makina ake unali ndi mawu, chonsecho waya wake sanaulumikize n'komwe.

Gulu limene ankalijambula linkaimba nyimbo za roko, zija za magitala olira ngati akucheka chitsulo, ndipo Loweruka linaimba m'holo yodzaza. Mayiyo anajambula zonse mwadongosolo, chida chilichonse pa mzere wakewake. Wachisanu unali wa malemu mwamuna wake, woimba ng'oma. Munthuyo ankasunga mwambo. Nyimbo isanayambe ankagunditsa timitengo take toimbira ng'oma kanayi, ndipo palibe ankakhudza gitala chiwerengerocho chisanathe. Manja ake atayamba kunjenjemera, mng'ono wake, mtsogoleri wa gulu, anamuchotsa osamuuza pamaso, zimene munthu woleredwa bwino sachita. Anachotsanso nyimbo yake yotsekera. Chaka chisanathe mkuluyo anamwalira. Wang'oma watsopano ankawerenga ndi pakamwa, ndipo mzerewo unangosiyidwa.

Lolemba madzulo, m'chipinda chojambulira chopanda zenera, cha masiponji m'makoma, mayiyo anakweza mawu a mzerewo. Poyamba munamveka kanthu konga mpweya wa munthu wogona. Kenako kha, kha, kha, kha, magitala n'kulowa.

Lachiwiri mlamu wake uja anabwera kudzamvetsera. Anati ndi chinyengo, kuti mayiyo watapa mawuwo m'zojambula zakale pofuna kumuchititsa manyazi. Mayiyo sanakangane naye. Anamuonetsa waya uja ali chikulungire m'bokosi, n'kumuuza kuti afufute yekha mawuwo. Anafufutadi. Atamvetseranso, gulu lonse linamveka ngati anthu oledzera akutsika masitepe, aliyense kulowa nthawi yakeyake. Kutacha, timitengo tinali titabwerera pa mzere wake.

Oimba enawo anayamba kunong'onezana kuti Loweruka lija onse anatimva pa nsanja, aliyense n'kumayesa kuti ndi wang'oma watsopano. Wang'omayonso anati anatimva kumbuyo kwake, koma anaopa kucheuka.

Lachinayi mayiyo anauza mlamu wake kuti asazimitse pa nyimbo yomaliza. Anamvetsera ali chikhalire mu kuwala kwa timagetsi ta makina. M'zojambulazo, m'manja munatha kuombedwa. Mapazi anatuluka, mipando inakokedwa, chitseko cha holo chinatsekedwa. M'kachetechete mmenemo timitengo tinagunda kanayi. Zii. Tinagundanso kanayi, mosathamanga, mosakwiya.

"Akudikira ndani?" anafunsa mlamuyo monong'ona.

"Alamu, musandifunse zimene mukuzidziwa. Nyimbo yotsekera simunaimbe."

Iye anati anaiwala, ndi kalekale. Mayiyo anayankha kuti mutu ungaiwale, koma zala zimene zinaiimba zaka khumi ndi ziwiri sizinaiwale. Timitengo tinapitiriza kuwerenga, kudikira, kuwerenganso. Pomaliza mlamuyo anatsitsa gitala pa khoma, nakoleka lamba paphewa.

"Achimwene," anatero, "ndinakulakwirani. Werenganinso."

Kha, kha, kha, kha.

Analowa pa nthawi yake yeniyeni. Kuseri kwa galasi, m'chipinda chamdima mmene ng'oma za malemu zinali zofunditsidwa nsalu, ng'oma yaikulu inayankha, ndipo nsaluyo inagwedezeka.

Mayiyo sanakuwe, sanathawe. Anatambasula dzanja monga ankachitira masiku onse mwamuna wake akamaliza kuwerenga, nadina batani lojambulira.