Khadi Lachiwiri la ku Madzimoyo

Stanley anafika pa ofesi ya kalabu ya alimi ku Madzimoyo pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ntchito yake inali yokonza makompyuta m'tauni ya Chipata. Pakhomo anapeza Edita, kalaliki wa kalabuyo, akusesa makoko a mtedza.

"Ndinu a makompyuta aja? Takudikirani kuyambira m'mawa."

"Pepani achemwali, msewu wanuwu. Wodwala ali kuti?"

Wodwalayo inali kompyuta ya pa ofesipo. Kalabu inali itagula sikelo yomwe imatumiza yokha kulemera kwa thumba lililonse mu kompyuta, koma polowetsa waya panali pamodzi pokha, ndipo panali kale waya wa intaneti.

Stanley anazimitsa kompyutayo, kuzula waya wa magetsi, n'kumasula chivundikiro. Kenaka anatulutsa kakhadi kobiriwira m'chikwama.

"Ili ndi netiweki khadi. Lakalelo lizilankhula ndi intaneti, ili lizilankhula ndi sikelo. Tandigwirireni sikuluwu iyi."

"Mulibe thumba?"

"Ndili nalo, koma silimwetulira."

Edita anayang'ana kumbali, koma sikuluwuyo anaigwira.

Khadi litalowa m'malo mwake, Stanley anamanga, nayatsa, n'kulipatsa nambala yogwirizana ndi ya sikelo. Atayika thumba pa sikelo, kulemera kwake kunaoneka pa kompyuta pompo. Pobwerera, Edita anamupatsira mtedza wa chalimbana wokazinga, wokulunga m'pepala.

Sipanapite nthawi, magetsi anazima monga mwa masiku onse. Atayakanso, sikelo inali zii. Edita anaimba foni, Stanley anabwera, analemba timawu pang'ono pa kompyuta, zonse zinayambanso kuyenda. Sabata yotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo inayonso. Ulendo uliwonse Stanley ankachedwa kunyamuka. "Achemwali" uja anatha, mameseji anayamba.

"Chalimbana wanga, wadzuka bwanji? Kuno ku komboni ya Nabvutika kwacha, koma kwa ine kucha ndikakuona."

"Bodza. Umabwerera khadi lako."

"Khadilo ndi mboni chabe. Edita, ine sindidzakunamiza, ngakhale pa kanthu kochepa ngati khoko la mtedza."

Mawu amenewo Edita anawasunga mumtima. Ndi mtsikana uti akanawataya?

Koma panali chimene Edita sankamuuza Stanley. Sikelo ikafa, alimi ankakhala padzuwa ndi ngolo zawo kudikira munthu wochokera ku tauni. Tsiku lina wapampando wa kalabu, bambo Alfonsi, anaitanira Edita kuseri.

"Mwana iwe, makinawa akakonzedwa amayenda. Ukatsala nawo wekha amafa. Umagwira chiyani? Zikachitikanso tiikapo wina."

Edita anabwerera mu ofesi. Stanley akanamva, kodi sakanamuona ngati mbuli yoononga ntchito yake? Nkhaniyo anaibisa.

Tsiku limene sikelo inafanso, Stanley anali ku maliro ku Kasenengwa. M'malo mwake kunabwera Paulo, mnzake wa ku ntchito. Paulo anangoyang'ana pang'ono n'kuyamba kuseka.

"Apa palibe chakufa, mlongo. Nambala ya khadili inangolembedwa, sinasungidwe. Magetsi akazima, kompyuta imaiwala. Koma Stanley? Kusungako anandiphunzitsa ndi iyeyo. Amati ndiye chinthu choyamba."

"Ndiye kuti sangaiwale?"

Paulo anayang'ana Edita, kuseka kuja kunatha.

"Ingodzutsani sikeloyo alimi ayeze," anatero Edita motsitsa mawu. "Zosungazo musiyireni mwini wake."

Madzulo Edita analembera Stanley meseji yaifupi. "Mawa ubwere. Ubwere ndi khoko la mtedza lija."

Stanley anafika mutu uli pansi. Paulo anali atamuuza kale.

"Edita, ndimafuna chifukwa chobwerera. Tsiku loyamba lija ndinaona kuti ndikamaliza zonse sindidzakuonanso."

"Pakamwa unalibe? Ukanangoti ndakukonda, ndikanakumenya? Ine ntchito ikundithera chifukwa cha iwe. Azimayi apsa ndi dzuwa panjapa kuti iwe uzidya mtedza wanga."

"Ntchito? Sunandiuzepo."

"Ndimaopa kuti uziti ndine wosadziwa. Ndimadziimba mlandu ndekha, Stanley!"

Stanley anatuluka, napita pamene bambo Alfonsi anakhala ndi alimi pansi pa mtengo wa mango, nagwada. Anafotokoza zonse osabisa, Edita akumvera pazenera.

Bambo Alfonsi anapukusa mutu.

"Makolo athu ankafunsira mbeta kudzera kwa amalume. Inu mwasankha kudzera pa sikelo yathu. Kakonzeni, ndipo ku ntchito kwanu ndikafikako ndekha."

Stanley analowa, nasunga nambala ija, nazimitsa kompyuta, n'kuiyatsanso. Thumba litaikidwa pa sikelo, kulemera kunaoneka. Anabwerezanso kuti wapampando aone.

"Mwana wanga, ndinakulakwira," bambo Alfonsi anauza Edita. "Ntchito ndi yako."

Stanley anatola zida zake. "Tsopano ulibenso chondiimbira," anatero.

"Eya," anayankha Edita. Tsiku limenelo mtedza sunakulungidwe.

Msika wa mtedza unatha, kunja kunayamba kutentha. Magetsi ankazima n'kuyaka, sikelo osafanso. Stanley anapatsidwa chenjezo ku ntchito ndipo analilandira osatsutsa. Analemba meseji imodzi yokha: "Ndinalakwa. Sindikuvutitsa, koma ndilipo." Foni yake ikalira ankaithamangira. Nanga akanatani?

Edita naye, magetsi akazima, dzanja linkapita lokha pa foni, kenaka n'kukumbuka kuti palibe chakufa.

Loweruka lina m'mawa, Stanley akupukuta njinga yake, meseji ya Edita inalowa.

"Kompyuta ili bwino. Sikelo ili bwino. Khadi lako lili bwino. Palibe choti ukonze kuno."

Anaiwerenga kawiri. Ina inalowanso.

"Amalume anga, a Bonifasi, amapezeka pakhomo Lamulungu misa ikatha. Utumize akuluakulu akwanu. Sikuludiraiva usiye."

Stanley anakhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka yekha.

"Chalimbana wanga," analemba, "ulendo uno ndisunga."