Subira ndi Chitunda cha ku Njuli

Uyu ndi Subira. Kwawo ndi ku Njuli. Chaka chimene ndikunenachi, Subira anali Sitandade 3. Anali Sitandade 3 kachiwiri.

Subira ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kupita Sitandade 4. Kumeneko n'kumene kunali Tatu, mnzake wapamtima.

Kale, Subira ndi Tatu ankakhala limodzi. Ankakhala pansi, kutsogolo kwenikweni. Pensulo inali imodzi. Anaidula pakati, wina theka, wina theka. Chigumu chinali chimodzi. Ankachinyemanso pakati. Masiku amenewo anali okoma, inu.

Koma tsiku lotsekera sukulu linafika. Ana onse anakhala pabwalo. Makolo anaima kumbuyo. Aphunzitsi anaitana mayina a ana okhoza. Dzina la Tatu linamveka. Dzina la Subira silinamveke. Ana ena anaseka. Subira analira njira yonse.

Chaka china chinatha. Mayeso anafikanso.

Lolemba m'mawa, Subira anadzuka m'mimba mukupota. Mtima unkagunda di, di, di. Manja anali thukuta lokhalokha. Phala anangolilawa n'kulisiya.

Amayi anamugwira pamphumi. Thupi silinatenthe. Komabe amayi anati ndi malungo. Kwa amayi a Subira, chilichonse ndi malungo. Mutu, malungo. Mwendo, malungo. Anati mwana apite kuchipatala.

 Subira ankadziwa kuti akajomba mayeso, abwerezanso kalasi. Koma chifukwa cha mantha, anangovomera zopita kuchipatala.

Ababa a Subira ndi a Nasibu. Iwo ndi a kabaza. Amanyamula anthu panjinga yakapalasa. Tsiku limenelo ananyamula Subira.

Anadutsa njira yokhotera kusukulu. Subira anayang'ana kumbali. Anadutsa chigayo. Anadutsa munda wa nandolo. Kenako anafika pachitunda.

Chitunda chake n'chachitali. Ababa anapalasa. Anapalasa. Njinga inayamba kuyenda ngati nkhono. Kenako inaima.

"Tsika, mama," anatero ababa.

Subira anatsika. Ababa anatsikanso. Anapuma mpweya kamodzi. Anapuma kawiri. Anapuma katatu. Kenako anayamba kukankha.

Subira anagwira kumbuyo. Nayenso anakankha. Anakankha mwamphamvu. Anakankha uku akuimba kanyimbo. Za m'mimba zija anaiwala.

Ababa anacheuka. Wodwala wanji wokankha njinga akuimba? Koma sanamukalipire. Anatsamiritsa njinga pamtengo. Anakhala pamwala. Anamuuza Subira kuti akhale pambali pawo.

"M'mimbamo mumapota nthawi yanji?" anafunsa ababa.

Subira anawerama.

"Ndikaganiza za mayeso," anayankha.

Misozi inayamba kutsika. Subira ananena zonse. Ananena za mayina a pabwalo. Ananena za kusekedwa. Ananena kuti amamusowa Tatu. Ababa anangomvetsera.

Subira atamaliza, ababa analoza kumunsi. Kutali ndithu kunali mtengo waukulu wa mkuyu. Anati kale kalasi yawo inali pansi pa mtengo umenewo. Makope kunalibe. Ankalemba pansi ndi chala. Mvula ikabwera, onse ankathawira pakhonde akuseka. Aphunzitsi awo ankaphunzitsa manambala ndi nyimbo. Ababa anaimbako pang'ono. Mawu awo anali osasa, koma nyimbo ankaikumbukira yonse.

Subira anadabwa. Sankadziwa kuti ababa anakhalapo mwana wasukulu.

"Inenso ndinalephera Sitandade 3," anatero ababa. "Anandiseka. Ndinathawa. Sindinabwererenso. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikauona mtengo uja."

Subira anawagwira dzanja. Anawamvera chisoni ababa ake.

Kenako Subira anafunsa za chitunda. Kodi ababa anatsikiranji panjinga? Kodi alibe mphamvu?

Ababa anaseka. Anati atangoyamba kabaza ankachita manyazi kutsika. Ankaopa kuti anzawo awaseka. Tsiku lina ananyamula amayi ogulitsa mazira. Anafika pachitunda chomwechi. Anakakamira kupalasa. Maso anachita mdima. Njinga inagwa. Mazira onse phwa!

Subira anaseka. Anaseka mpaka misozi ina inatuluka.

Ababa anati kuyambira tsiku limenelo sakakamiranso. Chitunda chikavuta, amaima. Amapuma katatu. Amakankha pang'onopang'ono. Amachedwa, inde. Koma pamwamba amafika.

"Kutsika panjinga si kulephera," anatero ababa. "Kulephera n'kusiya njinga pamsewu n'kuthawa."

Nthawi yomweyo belu la kusukulu linalira kumunsi. Ngwe, ngwe, ngwe.

Subira anacheukira kusukulu. Ababa anamuyang'ana. Anafunsa ngati apite kuchipatala kapena kusukulu. Anati asankhe yekha.

Subira anapuma kamodzi. Anapuma kawiri. Anapuma katatu.

"Kusukulu," anatero.

Ababa anatembenuza njinga. Kutsetsereka sikuchedwa. Mphepo inkawomba kumaso. Mpango wa Subira unkauluka kumbuyo. Anafika aphunzitsi akugawa mapepala.

Mayeso oyamba anali a masamu. Funso loyamba, Subira analemba. Funso lachiwiri, analemba. Funso lachitatu linali lovuta. Manambala anayamba kuvina papepala. Mtima unayambanso di, di, di. Subira anayang'ana pakhomo. Khomo linali lotsegula.

Koma sanadzuke. Anaika pensulo pansi. Anapuma kamodzi. Anapuma kawiri. Anapuma katatu. Analisiya funso lovutalo. Analemba lachinayi. Analemba lachisanu. Kenako anabwerera ku lovuta lija. Analilemba pang'onopang'ono.

Ana ena anamaliza kale. Anatuluka akuthamanga. Subira anatsala yekha. Anamaliza womalizira, koma anamaliza.

Lachiwiri anapuma katatu n'kulemba. Lachitatu anapuma katatu n'kulemba. Lachinayi amayi anamugwiranso pamphumi. Anati malungo aja anali aulemu, anachoka okha.

Tsiku lotsekera linafika. Ana onse anakhala pabwalo. Tatu anasiya mzere wa kalasi yake. Anakakhala pambali pa Subira.

Aphunzitsi anayamba kuitana mayina. Nambala wani sanali Subira. Nambala teni sanali Subira. Nambala twente sanali Subira.  Tatu anamugwira Subira dzanja.

"Nambala 34," anatero aphunzitsi. "Subira Nasibu."

Amayi anaimba nthungululu. Anaimba ngati mwana wakhala nambala wani. Tatu anadumpha mpaka nsapato inavuka. Subira anasangalala kwambiri.

Ababa anali kumbuyo kwenikweni, atagwira njinga yawo. Tsiku limenelo sanapite kukanyamula anthu. Subira anawathamangira. Maso a ababa anali ofiira. Iwo anati ndi fumbi. Koma fumbi kunalibe.

"Mwana wanga, lero wandipitirira," anatero ababa. "Ine Sitandade 4 sindikuidziwa. Zimene uzikaphunzira kumeneko, uzidzandiphunzitsako."

Subira anaganiza pang'ono. Anaima njo ngati aphunzitsi. Anakweza chala.

"Chabwino, ababa," anatero. "Koma zikavuta, musadzathawe."

Ababa anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu.

"Sindidzathawa, aphunzitsi."