Madzi a M'msana wa Millie

Millie anagona chammbali pabedi la chipatala ku Blantyre, atadziphimba kumaso ndi chitenje. Mutu unkamupweteka sabata ziwiri, ndipo maso ankaona zinthu ziwiriziwiri. Chaka chatha analandira mankhwala a khansa ya m'magazi, anapeza bwino n'kubwerera ku Fomu 2 ku Milonde. Tsopano adokotala ankafuna kumuchotsa madzi a m'msana.

Amayi ake, a Sophie, anali pafoni. Kwawo mwana sachitidwa zotere mwini mbumba asanavomere, ndipo amalume ake a Millie, a Hopewell, anali atakana kale kawiri.

"Alamu anawachotsa madzi omwewo Lachiwiri, Lachisanu tinawaika m'manda," anatero a Hopewell. "Mwaiwala, achemwali?"

"Mwamuna wanga ndingamuiwale? Munamusunga m'nyumba mwezi wathunthu mukumumwetsa mizu. Jakisoni anapeza munthu atatha kale!"

"Magazi a mwanayo ayeza, ali bwino. Akufunanso chiyani?"

A Sophie anapereka foni kwa adokotala. "Auzeni nokha, ine ndingatukwane."

"Bambo, khansa imeneyi imatha kubisala m'madzi ozungulira ubongo, magazi akuoneka abwinobwino," anatero adokotala. "Titenga madontho ochepa, tiwapake pagalasi. Kenako tithira mankhwala amene amamatirira maselo a khansa okhaokha n'kuwasandutsa ofiirira. Popanda mankhwalawo, maselo abwino ndi oipa amafanana kwambiri."

"Akafa, mlandu ndi wanu," anatero a Hopewell.

Millie anavundukula chitenje. "Amalume, mutu ukupweteka ine. Ndikufuna ndidziwe."

Foni inaduka. A Sophie anatenga cholembera n'kusaina fomu.

Patatha masiku atatu, adokotala anawaonetsa chithunzi pakompyuta. Pakati pa timadontho tabuluu panali tofiirira tingapo.

"Ndi amenewa. Akadali ochepa. Mankhwala tiyamba mawa."

M'mawa mwake a Hopewell anatulukira pakhomo la wodi, nsapato zili fumbi lokhalokha, atanyamula zinanazi ziwiri. Sanakhale pansi.

"Mankhwalawo alowetsera pati?"

"Pamsana pomwepo, ndi jakisoni yemweyo," anayankha a Sophie. "Mukananso, achimwene? Kanani msanga, anthu ali ndi ntchito."

A Hopewell anaika zinanazi pansi pa bedi. Anayang'ana Millie, kenako anatembenukira kwa namwino amene ankakankha tebulo la zipangizo.

"Amayi, kodi amaloleza munthu womugwira dzanja?"