Asilikali a Som

Som anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala mumzinda wa Chiang Mai. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulowa m'chipinda cha mchimwene wake, Tawan.

Tawan anali m'chipatala. Ankadwala khansa ya m'magazi. Mankhwala anali atamuthothola tsitsi lonse. Ana sankaloledwa kulowa. Som ankaima panja pa zenera. Ankalankhulana pa foni.

"Kamphaka iwe, wabweranso?" anatero Tawan.

"Achimwene, mutu wanu ngati dzira!" anatero Som.

Tawan anaseka. Kenako anatsokomola.

Tsiku lina Dokotala Wilai anaitana banja lonse. Anatenga pepala. Anajambula timadontho tambiri.

"M'magazi muli asilikali," anatero. "Ena timawatcha maselo a T. Akaona mdani, amaitanana. Amati, bwerani kuno! Anzawo amamva. Anzawo amabwera."

"Nanga asilikali a achimwene?" anafunsa Som.

"Atopa. Khansa yawatopetsa. Akuitanidwa, koma sakumva. Akamva, sakudzuka. Tawan akufunika asilikali atsopano."

Namwino anayeza magazi a Bambo. Sanafanane ndi a Tawan. Anayeza magazi a Amayi. Sanafanane. Anayeza magazi a Som. Anafanana!

Dokotala Wilai ananjuta pafupi ndi Som.

"Asilikali amabadwira m'mafuta a m'mafupa," anatero. "Tikupempha ako. Pang'ono chabe."

"Zipweteka?"

"Udzakhala uli m'tulo. Ukadzuka, m'chiuno mudzapweteka masiku ochepa."

"Nanga ine nditsala ndi chiyani?"

"Thupi lako lidzapanga ena."

Som anayang'ana nsapato zake. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Palibe anamufulumizitsa.

"Chabwino," anatero. "Koma Amayi andigwire dzanja."

Tsiku linafika. Amayi anamugwira dzanja. Som anagona. Atadzuka, m'chiuno munkapweteka. Analira. Amayi anamudyetsa phala la mpunga la nkhuku. Analira akudya.

Namwino anapachika thumba lofiira pa bedi la Tawan. Munali mafuta a m'mafupa a Som. Anadontha. Anadontha. Analowa m'thupi la Tawan.

Sabata yoyamba inatha. Palibe chinasintha. Tawan ankasanza.

Sabata yachiwiri inatha. Palibe chinasintha. Tawan sankayankha foni. Som ankangoima pa zenera.

"Mwina asilikali anga ndi aulesi," anatero Som.

"Ayi, mwanangu," anatero Bambo. "Ndi alendo. Akufuna kaye pokhala."

Sabata yachitatu, Dokotala Wilai anabwera ndi pepala lina.

"Asilikali a Som ayamba kuchuluka," anatero.

Amayi anakhala pansi. Anaphimba nkhope ndi manja.

Masiku anapita. Kenako namwino anaitana Som. Som anasamba m'manja. Anasambanso. Anavala chophimba pakamwa. Chitseko chinatseguka. Som analowa. Anakhala pa mpando, pafupi ndi bedi.

Patapita miyezi, Tawan anabwerera kunyumba. Bambo anamunyamula pa makwerero. Amayi anaphika mpunga womata. Anasenda mango.

Panatsala kagawo kamodzi ka mango. Tawan anatambasula dzanja. Som anatambasula dzanja.

"Ndine wamkulu," anatero Tawan.

"Koma magazi anuwo ndi anga," anatero Som.

Tawan anaganiza. Anakankhira mbale kwa Som.

Som anadula mango pakati.